Chinyumba cha ku Friern Barnet chomwe kale chinali chipatala cha odwala maganizo

NaPhiri wa ku Barnet:
Moni nonse abale anga. Ndili ndi funso kwa inu amene mwakhalitsa kuno ku London. Ndikamapita kwa agogo ena amene ndimawasamalira, basi imadutsa mu Friern Barnet Road. Ukasuzumira pageti lina umaona chinyumba chachitali cha njerwa, pakati pake pali denga lozungulira, kutsogolo kuli kapinga ndi mitengo. Dzina lake ndi Princess Park Manor, ndipo ukachiona ungati munkakhala mfumu. Dzulo agogo aja andiuza kuti chinali chipatala cha odwala matenda a maganizo, komanso kuti azakhali awo analowamo ali mtsikana n'kumwaliramo ali nkhalamba. Atatero anangokhala chete, ine sindinafune kuwakumba. Alipo akudziwa mbiri ya malo amenewa? Nkhaniyi yandikhala pamtima usiku wonse.

Mbewe RMN:
Achemwali, ine ndine namwino wa matenda a maganizo (RMN), ndipo agogowo anena zoona. Malo amenewo ndi amene ankatchedwa Friern Hospital, koma dzina lake loyamba ndi Colney Hatch. Anatsegula mu July 1851, anatseka mu 1993. Ndiye kuti kwa zaka zoposa 140 munkagona odwala.

Ndiyambire patali pang'ono kuti zimveke. England inali yogawidwa m'maboma otchedwa county, ndipo gawo lalikulu la London kumpoto kwa mtsinje wa Thames linali m'boma la Middlesex. Mu 1808 Nyumba ya Malamulo inalola maboma amenewa kumanga malo osungira amphawi odwala maganizo, koma ambiri anazengereza poopa kuwononga ndalama za msonkho. Mu 1845 kunabwera lamulo lowakakamiza. Boma la Middlesex linali litamanga kale chipatala chake choyamba ku Hanwell mu 1831, koma chinadzaza msanga, n'chifukwa chake anamanga chachiwiri ku Colney Hatch. Mwala wa maziko anayika ndi Prince Albert, mwamuna wa Mfumukazi Victoria, mu 1849. Amene anajambula mapulani ndi Samuel Daukes.

Anachimanga kuti muzigona anthu 1,250, ndipo nthawi imeneyo chinali chimodzi mwa zipatala zikuluzikulu zedi za mtunduwu mu Ulaya. Kutsogolo kwake n'kotalika kupitirira theka la kilomita. Makolido ake onse ukawaphatikiza ankakwana mamailosi pafupifupi 6. Malowo anali ngati tawuni payokha: famu, chitsime, tchalitchi, manda, mochapira zovala, mophikira buledi, mofululira mowa, ngakhale popangira gasi wounikira. Siteshoni ya sitima imene lero mumaidziwa kuti New Southgate inali pambali pomwepo, ndipo poyamba inkatchedwa Colney Hatch.

Chikondi (Luton):
A Mbewe zikomo, ine ndili chaka chachiwiri ku unamwino wa matenda a maganizo ndiye izi zikundikhudza. Mowa m'chipatala? Nanga anthuwo ankawamanga unyolo ngati mmene timaonera pa zithunzi zakale?

Mbewe RMN:
Mowawo unali wosaledzeretsa kwenikweni, ndipo unali mbali ya chakudya cha tsiku ndi tsiku, makamaka kwa amene ankagwira ntchito kumunda ndi kochapira. M'zipatala zambiri anadzauletsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800.

Za unyolo, apa ndi pamene ambiri sadziwa. Amene anamanga Colney Hatch sanali ndi mtima wozunza. Mu 1839 dokotala John Conolly atafika ku Hanwell anathetsa kumanga odwala ndi malamba, unyolo kapena mipando yomangirirapo, pa chipatala cha anthu mazanamazana. Anthu ankati sizingatheke, koma zinatheka. Colney Hatch inatsegulidwa ndi lonjezo lomwelo, loti palibe amene adzamangidwe dzanja kapena mwendo. Ankakhulupirira kuti munthu ukamuchotsa m'tizipinda tothithikana ta mu London, n'kumupatsa mpweya wabwino, chakudya chokwanira, ntchito ya manja ndi mapemphero, mutu wake ukhazikika ndipo abwerera kwawo.

Chimene chinaononga zonse ndi kuchuluka kwa anthu. Sipanathe zaka 10 anali atawonjezera kale nyumba kuti mukwane anthu 2,000. Nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse anafika cha m'ma 3,500, chifukwa zipatala zina anazisandutsa za asilikali n'kusamutsira odwala kuno. Ena ankachira n'kutuluka ndithu, makamaka m'chaka choyamba, koma chaka chilichonse pankatsalira gulu lina losachira. Chipatala chinasanduka ngati nkhokwe imene ukungothiramo osatapamo. Dokotala mmodzi kuyang'anira anthu mazana angapo, angamudziwe ndani? Unyolo unachoka, koma m'malo mwake munalowa chipinda chotsekeramo munthu yekha ndi mankhwala ogonetsa monga bromide, chloral ndi paraldehyde.

Bambo a Tadala:
Funso langa ndi lakuti, onsewo anali odwaladi? Ine ndinamva kuti azungu ankangotayako akazi awo akatopa nawo.

Mbewe RMN:
Nkhani zoterozo zinalipo achimwene, makamaka m'zipatala zolipira, ndipo ndi zomwe zinachititsa kuti lamulo la 1890 lifune siginecha ya majisitileti munthu asanatsekeredwe. Koma ku Colney Hatch ambiri anali amphawi, ndipo ambiri ankachokera ku workhouse, nyumba zimene boma linkasungiramo osauka powagwiritsa ntchito. Mukaona mitundu ya odwala a nthawi imeneyo mupeza nkhalamba zoyiwalayiwala zimene lero timazisamalira m'ma care home, anthu a khunyu, anthu obadwa ndi vuto la kuphunzira, amayi amene mutu wasokonekera atangobereka, zidakwa, ndiponso amuna ambirimbiri amene chindoko chinawafika ku ubongo. Amenewa ankafa pasanathe zaka zingapo chifukwa penicillin kunalibe. Mabanja ambiri sankataya m'bale chifukwa cha nkhanza ayi. Banja la anthu asanu ndi awiri m'chipinda chimodzi, onse akupita kuganyu m'mawa, wodwala atsala ndi yani?

Chinanso, mu 1889 chipatalachi chinapita m'manja mwa London County Council, khonsolo imene inkayendetsa London, ndipo Ayuda ambiri ochokera ku East End, dera la kum'mawa kwa mzindawu, othawa nkhanza ku Russia ndi Poland, ankatumizidwa kuno chifukwa kunali khitchini yophika motsata malamulo a chipembedzo chawo. Taganizani munthu wobwera, Chingelezi sakuchidziwa bwino, mutu wasokonekera, akufunsidwa mafunso ndi dokotala amene sakumva chinenero chake. Ife obwera m'dziko muno tikuyenera kuimva nkhani imeneyi kuposa wina aliyense.

Gogo Nachisale:
Ana anga, ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Ine nditabwera kuno ndinagwira ntchito ndi bambo wina wochokera ku Mauritius, anali atatsala pang'ono kupuma. Iyeyo anaphunzira unamwino m'chimodzi mwa zipatala zoterezi, kumpoto kwa England, m'zaka za m'ma 1960. Usiku odwala akagona ankandifotokozera.

Ankati tsiku loyamba anamupatsa mulu wa makiyi womangirira palamba, n'kumuuza kuti akataya kiyi imodzi ntchito yatha. Chitseko chilichonse ukatsegula, utseke kumbuyo kwako. Akatha kudya, odwala sankaloledwa kudzuka mpaka mipeni, mafoloko ndi masipuni onse awerengedwe. Tiyi ankabwera m'chiketulo chimodzi, mkaka ndi shuga zothiriratu, kaya umamwa shuga kaya sumwa. Zovala zinali za wodi, osati za munthu. M'mawa namwino ankatapa pa mulu, buluku limene wavala lero mawa avala mnzako, lalifupi kapena lalitali zilibe kanthu. Mabedi anali oyandikana moti panalibe poyika kabati, ndiye munthu katundu wake yense ankayenda naye m'thumba la jekete: kachidutswa ka fodya, chipeso, kalata yakale yopindapinda. Ndipo fungo la paraldehyde ankati linkakakamira m'zovala mpaka m'basi anthu ankadziwa kumene ukugwira ntchito.

Koma bambo yemweyo akamakamba za dansi ya pa Khirisimasi, timu ya mpira, ndi odwala amene ankaweta nkhumba ku famu, nkhope yake inkawala. Ankati famu itatsekedwa, amuna amene moyo wawo wonse ankadzukira ku ziweto anangotsala pa mipando m'chipinda chochezera, kuyang'ana khoma. Zimenezi zinkamupweteka kwambiri kuposa makiyi aja.

NaPhiri wa ku Barnet:
Agogo, za zovalazo zandiliza. Ife timalimbana ndi kuti munthu asankhe yekha juzi yomwe akufuna kuvala, nthawi zina ndimaona ngati zikutichedwetsa. Kodi pali njira yoti banja lidziwe zimene zinachitikira m'bale wawo m'menemo?

Mbewe RMN:
Ilipo achemwali. Mabuku a chipatalachi, olembamo olowa, otuluka ndi omwalira, amasungidwa ku London Metropolitan Archives ku Clerkenwell, kumene tsopano akukutcha The London Archives. Zolemba za wodwala zimakhala zotseka mpaka patadutsa zaka 100, koma wachibale akhoza kulemba kalata yopempha, iwo amaona ngati n'kotheka kumuthandiza. Chofunika ndi dzina lonse ndi zaka zongoyerekeza. Koma nkhani imeneyi iyambe ndi eni akewo, inu musawatsogolere. Komanso pa ntchito yanu mudziwitse akuluakulu anu musanachite kanthu.

Chikondi (Luton):
Ndaona penapake kuti kunabuka moto. Zinali bwanji?

Mbewe RMN:
Imeneyo ndi nkhani yowawa kwambiri pa mbiri yonse ya malowo. Chifukwa cha kuthithikana kuja, mu 1896 anamanga mawodi ongoyembekezera, a matabwa ndi malata, olumikizana ndi kolido imodzi. Munkagona amayi oposa 300, ambiri okalamba ndi ofooka. Oyendera zipatala a boma anali atachenjeza kuti nyumba zoterozo n'zoopsa pa moto. Zongoyembekezerazo zinakhala zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri.

Pa 27 January 1903, m'bandakucha kudakali mdima, moto unabuka. Kunali mphepo, ndipo matabwa aja anayaka mofulumira kwambiri moti pasanapite nthawi nyumba zonse zinali zitagwa. Amayi oposa 50 anafera momwemo. Anamwino analowa mu utsi kukoka odwala, ena mwa odwalawo chifukwa cha mantha ankakana kutuluka kapena kubwerera m'kati. Mpaka lero ngoziyi imawerengedwa m'gulu la ngozi zoopsa kwambiri za moto m'zipatala za ku Britain.

Ine chimandipweteka n'chakuti chenjezo linalipo. Palibe amene anganene kuti sanadziwe. Anangoona kuti amphawi odwala maganizo akhoza kudikira.

Bambo a Tadala:
Nanga anaikidwa kuti anthu onsewa? Zaka 140 si masewera.

Mbewe RMN:
Poyamba ankaikidwa pa malo a chipatala pomwepo. Kuyambira 1851 mpaka 1873 anaikapo anthu oposa 2,600, opanda mwala wa dzina pa manda alionse, ndipo chimene chinaikidwa ndi chipilala chimodzi chokumbukira onse. Kenako anayamba kuwaika ku manda aakulu a New Southgate, m'manda a amphawi, anthu angapo dzenje limodzi.

Mmodzi mwa iwo ndi Dorothy Lawrence. Mayi ameneyu ankafuna kukhala mtolankhani wa kunkhondo, ndipo mu 1915 anavala yunifomu ya msilikali wamwamuna n'kukafika kumene kunkamenyedwa nkhondo ku France. Mu 1925 anatsekeredwa, ndipo anakhala m'chipatala mpaka kumwalira ku Friern mu 1964. Zaka pafupifupi 40. Iyeyu timamudziwa chifukwa analemba buku. Anzake zikwizikwi anangotsala m'mabuku a chipatala.

Kalinde (Zomba):
Moni akuluakulu, ine ndikuwerenga ndili kumudzi kuno. Ndine clinical officer. Mbiriyi ikufanana ndi yathu pena, koma chiyambi chake n'chosiyana. Kwa inu kumeneko anayamba ndi chiyembekezo choti anthu achira. Kuno atsamunda anatsegula malo osungira odwala maganizo mu 1910 ngati mbali ya ndende ya Zomba, ndipo owayang'anira anali asilikali a ndende, osati anamwino. Chipatala chenicheni cha Zomba Mental chinadzatsegulidwa mu 1953. Ndiye pamene ku England ankayandikira kuganiza zotseka zipatala zawo zikuluzikulu, ife n'kuti tikungoyamba kumene kukhala ndi chathu.

Chinanso, dzina la chipatala chotere limaopedwa. Kuno munthu akangoti "ameneyu ngofunika ku Zomba" aliyense amadziwa chimene akutanthauza, ndipo mabanja ena amabisa wodwala m'nyumba poopa mawu amenewo.

Mbewe RMN:
N'chimodzimodzi achimwene. Ku London dzina loti Colney Hatch linasanduka chitonzo, mpaka anthu okhala m'deralo sankafuna kuti makalata awo azilembedwa choncho. Siteshoni inasintha dzina, ndipo chipatala nacho mu 1937 chinakhala Friern Mental Hospital, kenako mu 1959 Friern Hospital basi. Pakati apo, mu 1948, chinalowa mu NHS, bungwe la boma loyendetsa zipatala.

Poti inu muli kwathu kumene malungo timalimbana nawo tsiku ndi tsiku, imvani iyi. Kwa odwala chindoko cha ku ubongo aja, m'zaka za m'ma 1920 madokotala ankawapatsa malungo dala, kuti kutentha kwa thupi kuphe tizilombo ta chindoko, kenako n'kuchiza malungowo ndi kwinini. Anayambitsa ndi Julius Wagner-Jauregg wa ku Vienna, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1927. Ku Horton, chipatala china cha London County Council ku Epsom, ankaweta udzudzu wa malungo n'kumatumiza ku zipatala zina.

Kalinde (Zomba):
Kuweta udzudzu! Koma ndikaganiza bwino, matendawo anali opha ndithu ndipo panalibe china. Ndikanakhala dokotala nthawi imeneyo kapena nanenso ndikanayesa.

Gogo Nachisale:
Pa malungo ndikuvomera mwana wanga. Koma zimene zinabwera pambuyo pake sindingazikhululukire msanga. Kukomola anthu ndi insulin tsiku ndi tsiku, ECT (kudutsitsa magetsi mu ubongo) ya masiku oyambirira yopanda mankhwala ogonetsa moti ena ankathyoka mafupa, ndi opaleshoni ija yodula mitsempha ya kutsogolo kwa ubongo, imene inachitidwa pa anthu zikwi zambiri m'dziko muno m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950. Munthu ankatuluka ku opaleshoniyo ali phee, wodi n'kukhala bata, koma mwini wake uja sanabwererenso. Amene ankapindula ndi batalo ndi ife ogwira ntchito. ECT ya lero ndi ina, ndaona ikudzutsa amayi amene anasiya kudya ndi kumwa, koma wodwala amagonetsedwa ndipo pali malamulo a chilolezo.

Chikondi (Luton):
Ndiye chinatseketsa n'chiyani? Kusukulu amangoti mankhwala atsopano.

Mbewe RMN:
Mankhwala ndi mbali imodzi chabe. Chlorpromazine, Largactil ija, inayamba kugwiritsidwa ntchito ku France mu 1952 ndipo inafika kuno patangopita zaka ziwiri. A Kalinde akuidziwa bwino, kwathu ikugwirabe ntchito. Cha m'ma 1954 ndi pamene chiwerengero cha ogona m'zipatala zoterezi mu England ndi Wales chinafika pachimake, pafupifupi 150,000, kenako chinayamba kutsika. Koma madokotala ena anali atayamba kale kutsegula zitseko za mawodi mankhwalawo asanafale. Lamulo la 1959 linachotsa majisitileti pa nkhaniyi ndipo linati ambiri azilowa mwa kufuna kwawo ngati m'chipatala china chilichonse. Mu 1961 nduna ya zaumoyo Enoch Powell inalankhula poyera kuti zipatala zazikuluzi, zimene nsanja zake za madzi zimaonekera patali, ziyenera kutha, ndipo mabedi achepetsedwe ndi theka m'zaka 15.

Kenako kunabwera manyazi. Mayi wina dzina lake Barbara Robb anapita kukaona mnzake wokalamba ku Friern komweko mu 1965, ndipo zimene anaona pa wodi ya nkhalamba zinamuchititsa kuyambitsa bungwe lotchedwa AEGIS. Mu 1967 anatulutsa buku la Sans Everything, momwe munali maumboni a anamwino ndi ena ochokera m'zipatala zingapo: nkhalamba zolandidwa magalasi, mano oyikirira ndi zothandizira kumva, kusambitsidwa pagulu, kukalipiridwa ndi kumenyedwa. Makomiti ofufuza a boma anakana zambiri mwa zimenezi, ena n'kunyoza amene anaulula. Koma mu 1969 lipoti la chipatala cha Ely ku Cardiff linatsimikiza nkhanza zofanana, ndipo boma linakhazikitsa gulu loyendera zipatala zoterezi. Chigamulo chotseka Friern pamodzi ndi Claybury, chipatala china chotere, chinadza mu 1983, ndipo ntchito yosamutsa anthu inatenga zaka 10.

Bambo a Tadala:
Apa ndiye ndikutsutsani pang'ono achimwene. Mwatchula mankhwala, malamulo, manyazi, koma simunatchule ndalama. Nyumba zakalezo zinkadya ndalama zambiri kukonza, ndipo malowo ndi mahekitala ambirimbiri mu London. Lero muli mafulati odula, jimu ndi dziwe losambira, geti lotseka ndi alonda. Kale geti linkatsekera amphawi m'kati, lero likuwatsekera kunja. Ine ndimayendetsa basi usiku, ndipo anthu amene ndimawaona akuyankhula okha pa siteji, atafunda katoni m'nyengo yozizira, sindikhulupirira kuti ali bwino kuposa amene anali ndi bedi ndi chakudya katatu ku Friern.

Mbewe RMN:
Za ndalama simukunama, ndipo Powell yemwe ankawerengera ndalama. Koma pa anthu a ku Friern enieniwo tili ndi umboni, chifukwa kutseka kwake kunatsatiridwa mosamala kuposa kwina kulikonse. Mu 1985 kunakhazikitsidwa gulu la ofufuza lotchedwa TAPS, lotsogozedwa ndi Professor Julian Leff. Anatsatira odwala okhalitsa mazana angapo ochokera ku Friern ndi Claybury, asanatuluke, patatha chaka, ndiponso patatha zaka zisanu. Ambiri anapita m'nyumba wamba za m'madera, anthu ochepa nyumba imodzi, ogwira ntchito alipo usana ndi usiku. Zimene anapeza n'zakuti matendawo sanathe, mawu amene munthu ankamva anapitiriza kuwamva. Koma ambiri anapeza anzawo atsopano, anaphunzira kugula zinthu ndi kuphika, ndipo atafunsidwa, ochuluka zedi anati sakufuna kubwerera. Amene anathera mumsewu kapena kundende anali ochepa kwambiri. Ena ndithu ankadwalanso n'kugonekedwa kwa kanthawi.

Anthu amene mukuwaona pa sitejiwo ambiri si ochokera ku Friern. Ndi m'badwo wotsatira, umene unadwala zipatala zitatsekedwa kale. A ku Friern anatuluka ndalama zowasamalirira zikuwatsatira. Obwera pambuyo anapeza bedi kulibe, nyumba yokhala ndi owasamalira kulibenso.

Bambo a Tadala:
Ndiye mukuvomereza kuti anatseka asanakonze pokwanira.

Mbewe RMN:
Anakonzera amene analipo, sanakonzere amene adzadwale mawa. Pamenepo tikugwirizana. Ine ndakhalapo usiku wathunthu pa foni kufunafuna bedi la mnyamata wodwala kwambiri, n'kulipeza mtunda wa maola anayi pa galimoto, mayi ake alibe ndi ya sitima yomwe. Koma yankho lake si kumanganso Colney Hatch. Ndikanakonda nyumba zazing'ono zambiri ndi anamwino okwanira a m'madera.

Gogo Nachisale:
Ndipo tisadzinamize kuti nkhanza zinatsekedwa pamodzi ndi nyumbazo. Conolly anamasula anthu mu 1839, koma mu 2010 mnyamata wachikuda, Seni Lewis, anamwalira atapanikizidwa pansi ndi apolisi ambiri m'chipatala cha Bethlem, kumene anagonekedwa mwa kufuna kwake kuti athandizidwe. Banja lake linamenya nkhondo mpaka mu 2018 kunatuluka lamulo lokakamiza zipatala kulemba ndi kuulula nthawi iliyonse imene agwiritsa ntchito mphamvu pa wodwala. Mpaka lero anthu akuda m'dziko muno amatsekeredwa pansi pa Mental Health Act, lamulo la matenda a maganizo, kuwirikiza katatu kapena kupitirira poyerekeza ndi azungu. Amenewa ndi ana athu, Chikondi. Iwe ukamaliza sukulu udzakhala ndi makiyi, ngakhale masiku ano ndi kakhadi kongogunditsa pachitseko.

Chikondi (Luton):
Ndamva agogo. Pa placement yanga yapitayi ndinaona mnyamata wa ku West Africa akulembedwa kuti ndi waukali, pamene ine ndinkaona kuti akungoyankhula mokweza ngati mmene timachitira kwathu tikakhumudwa. Ndinauza amene ankandiphunzitsa, anandimvera ndithu ndipo anasintha zolembazo.

Kalinde (Zomba):
Ine phunziro limene ndikufuna kwa inu ndi la nyumba za m'madera zija. Kuno mabedi a odwala maganizo ndi ochepa kwambiri: Zomba, St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndi timawodi tochepa kwina. Odwala ambiri ali kale m'midzi, m'manja mwa amayi awo ndi azakhali awo. Ndinafikapo pakhomo pena n'kupeza mnyamata atamangidwa chingwe kumwendo pa mtengo wa mango, mayi ake atakhala pambali akumupatsa phala. Sankamuda ayi. Ankaopa kuti athawira kumsewu n'kugundidwa, ndipo mankhwala anali atatha mwezi wathawo. Titamuyambitsanso jekeseni wa pamwezi, chingwecho chinachoka. Ndiye ife vuto lathu si kutulutsa anthu m'chipatala, koma kufikitsa thandizo kumene ali kale. A Mbewe, amene anali odwala kwambiri ku Friern, oti nyumba wamba sakanatha kukhalamo, anawatani?

Mbewe RMN:
Linalipo gulu laling'ono lotero, ndipo ndi limene linatsalira mpaka kumapeto. Ambiri anali amuna, ocheperapo zaka poyerekeza ndi anzawo, ena aukali, ena okhala ndi makhalidwe amene oyandikana nawo nyumba sakanawapirira. Amenewa sanawaponye m'madera. Anawakonzera malo apadera ang'onoang'ono, ena pa malo a zipatala zina, okhala ndi ogwira ntchito ambiri pa wodwala aliyense, ndipo cholinga chinali kuwaphunzitsa pang'onopang'ono kusamba okha, kuchapa, kukwera basi, kugwira ndalama. Ofufuza aja atabwerera patatha zaka zisanu anapeza kuti ukali unachepa kwa ambiri, ndipo gawo labwino ndithu linali litasamukira ku nyumba zokhala ndi ufulu wochulukirapo. Zinali zodula, m'zaka zoyambirira mwina kuposa kuwasunga m'chipatala chachikulu.

Kwa inu kumeneko ndikuona kuti chofanana nacho ndi namwino wa matenda a maganizo pa chipatala cha boma lililonse amene ali ndi njinga yamoto, mafuta, ndi mankhwala osadukiza, kuphatikizapo ma HSA odziwa kuzindikira wodwala msanga. Mundilembere kumbali a Kalinde, ndili ndi mafomu amene timagwiritsa ntchito poyendera odwala kunyumba, muone ngati ena angakuthandizeni mutawasintha. Ndikulowa shifiti ya usiku tsopano, mafunso ena ndiyankha mawa masana.